Brazil Si Mpira Wokha

Pa sukulu pathu pano mukafunsa anyamata kuti achule dziko la kunja limene alikonda koposa, ambiri adzayankha msanga kuti Brazil. Mukawafunsa cifukwa cace, adzayamba kukuwerengerani maina a Pelé, Ronaldo, Ronaldinho ndi Neymar, ndipo ena adzakuuzani ndi zaka zomwe zimene dzikolo linatenga cikho ca mpira wa maiko onse, 1958, 1962, 1970, 1994 ndi 2002, osaphonyapo ngakhale cimodzi, cinkana zaka za m'buku la mbiri yakale ziwakanika kusunga pamtima. Koma funsani kuti anthu a kumeneko amadya ciani, amalankhula cinenero canji, nanga anthu akuda amene tiwaona atabvala malaya acikasu aja anafikako bwanji. Pomwepo onse amangoti zii, kuyang'anana. Ambiri amayesa kuti kumalankhulidwa Cisipanishi monga ku Argentina, pamene cinenero ca ku Brazil ndi Cipwitikizi, comwe cija timacimva kwa anansi athu a ku Tete ndi ku Milange.

Ine ndiganiza kuti kukonda dziko mwa njira yotere ndiko kulipeputsa. Zambiri zimene anthu atamandira Brazil, kunena nyimbo zace, magule ace, zakudya zace ndi kaseweredwe kace ka mpira, zinacokera kwa anthu amene dzikolo linawagwiritsa nchito ya ukapolo zaka zoposa 300, ndipo pa tsiku lowamasula linawataya cimanjamanja, opanda munda, opanda sukulu. Ngongole imeneyo kufikira lero siinathe kubwezedwa. Ndizo zimene ndifuna kuti tikambirane, anzanga, pakuti nkhaniyi itikhudza ife a kuno koposa m'mene tiganizira.

Tiyambe taona dziko lenilenilo. Brazil ndiye wamkulu mwa maiko onse a ku South America, ndipo pa dziko lonse lapansi ali wacisanu. Kukula kwace ndi masikweya kilomita 8.5 miliyoni, ndiye kuti Malawi yense, pamodzi ndi nyanja yomwe, angalowemo ka 70 n'kutsalabe malo. Pa kalembera wa 2022 anapezako anthu 203 miliyoni. Kumpoto kuli nkhalango ya Amazon ndi mtsinje wace, umene uthira madzi ambiri m'nyanja yamcere kuposa mtsinje wina uli wonse. Sitima zazikulu za pa nyanja zimakwera mtsinjewo makilomita oposa 1,000 mpaka ku mzinda wa Manaus. Kumpoto cakum'mawa kuli dera louma lochedwa sertão, kumene cirala cimapha ng'ombe ndi kuthamangitsa anthu m'midzi yao, monga cinacitira kuyambira 1877 mpaka 1879. Kumwera kumazizira, ndipo zaka zina kumagwa cisanu coononga khofi. Koma pakati pa dziko, pamene achula cerrado, mlendo wocokera kwathu sangadabwe konse. Ndi mtunda wokwera, wa udzu ndi mitengo yaifupi yokhotakhota ngati chire lathu la mombo ndi masuku, dothi lace lofiira ngati katondo, ndipo mvula imayamba mu October ndi kuleka ca mu April. Mukatenga atilasi ndi kuika cala pa Blantyre, n'kuciyendetsa molunjika kumadzulo kuoloka Africa ndi nyanja ya Atlantic, cidzakafika pa Brasília, likulu la dziko limene analimanga m'chire ndi kulitsegula mu 1960.

Si dzuwa ndi mvula zokha zimene tigawana nao. Cinangwa, cimene anzathu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amaphikira kondowole, kwao kwenikweni ndi ku Brazil. Eni dziko a kumeneko, amene analipo Mzungu asanafike, ndiwo anayamba kucilima zaka zikwi zapitazo, ndipo ndiwonso anatulukira nzeru ya kucotsa ululu wa cinangwa cowawa mwa kucipala, kucifinya ndi kucikazinga. Ufa wace, umene achula farinha, susowa pa mbale ya wolemera ndi ya wosauka yemwe. Nanazi ndi mtedza nazonso zinacokera ku South America, ndipo Apwitikizi ndiwo anazioloketsa m'zombo zao. Ndisabise, matekenya naonso anacokera konko. Anafika pa gombe la Angola m'ma 1870, nayenda m'zala za apaulendo mpaka kuno. Koma mphatso imeneyo tisaiwerengere.

Zombo zimene zinabweretsa cinangwa sizinabwerere zopanda katundu. Pedro Álvares Cabral anakoceza pa gombe la Brazil mu April 1500, ali pa ulendo wa ku India. Poyamba Apwitikizi sanapezeko golidi, koma mtengo wofiira wocita utoto wonyikira nsalu, wochedwa pau-brasil, umene unapatsa dzikolo dzina. Pambuyo pace anaona kuti dothi la ku Bahia ndi ku Pernambuco libala nzimbe bwino, ndipo masiku amenewo shuga anali wa mtengo wapatali ku Ulaya. Tsono nzimbe zifuna manja ambiri. Anayamba ndi kugwira eni dziko aja, koma iwo anafa unyinji ndi nthomba ndi cikuku, matenda amene sanawadziwe kale, ena nathawira m'nkhalango. Pamenepo maso anatembenukira ku Africa. Kuyambira m'ma 1500 kufikira 1850, anthu oposa 4 miliyoni anatsitsidwa pa madoko a Brazil, osawerengera amene anafera pa nyanja ndi kuponyedwa m'madzi. Mwa akapolo 10 ali onse amene anaoloka Atlantic, 4 anapita ku Brazil. Ife timamva kwambiri za ukapolo wa ku United States, koma Brazil analandira anthu oculuka koposa kakhumi kuyerekeza ndi dziko limenelo. Malonda a shuga atayamba kufooka kunatulukira golidi ku Minas Gerais m'ma 1690, golidi atacepa kunadza khofi, ndipo pa zonse zitatuzi khasu linali m'manja mwa munthu wakuda.

Ambiri anacokera ku Angola ndi ku Congo, ena ku maiko a Ayoruba ndi anansi ao ku West Africa. Koma cimene cinandicititsa kugwira pensulo ndi ici. Kuyambira ca m'ma 1810, pamene zombo za nkhondo za Angerezi zinayamba kulonda gombe la kumadzulo kwa Africa, amalonda a ku Rio de Janeiro anayamba kuzungulira ku Cape ndi kudzagula anthu ku Quelimane ndi pa cilumba ca Mozambique. Anthu ogulitsidwa pa madoko amenewo sanali a m'mbali mwa nyanja yamcere okha ai. Anali kuwatenga kumtunda, m'cigwa ca Zambezi ndi ku mbali za nyanja yathu yino: Amakua, Alomwe, Ayao, Asena ndi Amaravi. Atafika ku Rio onse anangowapatsa dzina limodzi, Moçambiques, ngati kuti analibe maina ndi mapfuko ao. Ine sindikaika kuti alipo ena ku Brazil lero amene gogo wa agogo ao analirira amace m'cinenero cathu cino, ataima pa miyala ya doko la Valongo. Doko limenelo, limene linalandira anthu mazana a zikwi, analikwirira ndi kuliiwala, mpaka mu 2011 pamene okonza miseu ya mzinda analifukula. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo osungidwa a dziko lonse. Ndipo ku Minas Gerais ndi ku São Paulo aliko kufikira lero magulu obvina ochedwa Moçambique, amene amaturuka pa masiku a zikondwerero za Cikatolika, ambiri atamanga masece m'miyendo. Ndani wa ife angaone zimenezo osakumbuka bwalo la kumudzi?

Akapolowo sanangokhala cete. Othawa anamanga midzi m'mapiri ndi m'nkhalango, imene achula quilombo, mau ocokera ku Angola. Waukulu mwa yonse unali Palmares, kumpoto cakum'mawa, umene unakhala zaka pafupifupi 100 uli ndi anthu zikwizikwi, mafumu ace, ndi minda yace ya cimanga, nyemba ndi cinangwa. Apwitikizi ndi anthu a ku Holland anatumako nkhondo kawirikawiri nalephera, kufikira 1694 pamene linga lace linagwa. Mtsogoleri wao Zumbi anaphedwa pa 20 November 1695, mutu wace naupacika poyera mu mzinda wa Recife kuti ena aope. Kuyambira 2024 tsiku limenelo ndi lopumula m'dziko lonse la Brazil.

Tsono tifike pa cimene ine ndiciyesa phata la nkhani yonse. Brazil anacoka m'manja mwa Portugal mu 1822, koma ukapolo sanausiye. Mu September 1850, pokakamizidwa ndi Angerezi, analetsa kubweretsa akapolo atsopano. Patangopita masabata awiri anakhazikitsa lamulo lina, la malo, lonena kuti kuyambira pamenepo munthu sangatenge malo a boma koma mwa kugula basi. Taganizani bwino, anzanga. Dziko lalikulu cotere, la chire losatha, kumene munthu akadangotenga nkhwangwa ndi kuswa mphanje monga acitira makolo athu mfumu ikawaloza malo! Ine sindikhulupira kuti malamulo awiriwa anangokumana mwangozi. Eni minda yaikulu anaona patali kuti ukapolo uli pafupi kutha, ndipo anadziwa kuti munthu wokhala ndi munda wace sabwera kudzapempha ganyu kwa mnzace. Anatseka citseko mlendo asanafike pakhomo.

Pa 13 May 1888 Princess Isabel, mwana wa mfumu Pedro II, anasaina lamulo lothetsa ukapolo, ndipo Brazil anali wotsiriza mwa maiko onse a ku America kucita zimenezi. Lamulolo liri ndi ndime ziwiri zokha. Yoyamba inena kuti ukapolo watha, yaciwiri inena kuti malamulo onse otsutsana ndi limeneli afafanizidwa. Za munda mulibe, za sukulu mulibe, za cipukuta misozi mulibe. Anthu pafupifupi 700,000 anadzuka m'mawa mwace ali mfulu, koma nyumba imene anagonamo inali ya bwana, khasu la bwana, ndi nthaka yomwe anapondapo ya bwana. Analipo amene anacenjeza. André Rebouças, injiniya wakuda wophunzira kwambiri, ananena kolimba kuti omasulidwawo apatsidwe malo olima, koma sanamumvere. M'malo mwace boma linalipira ulendo wa anthu a ku Italy ndi maiko ena a ku Ulaya kuti adzagwire nchito m'minda ya khofi ya ku São Paulo, ndipo akuluakulu ena a nthawiyo sanacite manyazi kunena poyera kuti cifuniro cao ndi kuyeretsa khungu la mtundu wonse. Kuonjezera apo, lamulo linaletsa munthu wosadziwa kulemba ndi kuwerenga kuponya voti, ndipo ciletso cimeneco cinakhalapo kufikira 1985. Kotero mwana wa kapolo, amene sanampatse sukulu, anamlandanso mau posankha anthu amene akadammangira sukuluyo.

Mukaona zithunzi za Rio de Janeiro mudzaona magombe a mcenga woyera ndi nyumba zazitali, ndipo pamwamba pace, m'mapiri, tinyumba ta njerwa zosapaka tosanjikizana ngati zisa za njuci. Malo otero achula favela. Yoyamba kudziwika ndi dzinali inamangidwa mu 1897 ndi asilikali obwera ku nkhondo amene analibe pogona, pamodzi ndi osauka ena a mu mzinda. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 16 miliyoni okhala m'malo otere, ndipo ambiri a iwo ndi akuda ndi a magazi osakanizika. Ine ndikaona mapiri amenewo ndimaona ndime yacitatu ija imene inasowa m'lamulo la 1888.

Wina adzanditsutsa kuti Brazil sanakhalepo ndi malamulo a tsankho monga a ku South Africa, ndi kuti kumeneko mitundu yonse imakwatirana ndi kubvina pamodzi. Nzoona ndithu. Kunalibe lamulo lolekanitsa woyera ndi wakuda m'sitima kapena pa ukwati, ndipo pa kalembera uja anthu 45 mwa 100 anadzichula pardo, ndiwo osakanizika, 43 anadzichula oyera, 10 akuda. Mlembi wina wochuka, Gilberto Freyre, m'buku lace la 1933 lochedwa Casa-Grande & Senzala, anatamanda kusakanizika kumeneku, ndipo pa cinthu cimodzi anacita bwino: anaphunzitsa anthu a kwao kuleka kucita manyazi ndi magazi a ku Africa. Koma ena anatenga mau ace ngati bulangeti lopfundira cironda, namanena kuti ku Brazil tsankho kulibe. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Tsankho lopanda cikwangwani ndilo lobvuta kulimbana nalo, pakuti wolicita amakana kuti sacita kanthu, ndipo wolandira alibe pepala loti aonetse kwa woweruza. Yang'anani khungu la amene akhala pa mipando ya oweruza ndi ya eni makampani, kenaka yang'anani la amene adzaza ndende ndi amene afa ndi mfuti za apolisi m'ma favela. Kusiyana kwace sikufuna magalasi.

Codabwitsa ndi cakuti anthu omwewa, amene anawasiya kunja kwa mpanda, ndiwo anapatsa Brazil nkhope imene adziwika nayo. Tengani capoeira, masewera amene ali pakati pa gule ndi ndeu: anthu awiri amalowa m'bwalo, kupidiguka ndi kuponyerana miyendo, anzao akuomba m'manja ndi kuimba motsogozedwa ndi berimbau, uta wa nsambo imodzi womangirira cikho. Lamulo la milandu la 1890 linati wosewera capoeira pa mseu apite ku ndende. Mu 2014 UNESCO inalemba bwalo la capoeira ngati cuma ca anthu onse. Samba nayo inakulira m'makomo mwa amai akuda ocokera ku Bahia amene anasamukira ku Rio, pa nthawi imene apolisi anali kugwira oimba ace ngati anthu osowa cocita. Lero ndiyo mtima wa Carnival, cikondwerero ca masiku oyandikira Lenti cimene cimakoka alendo a maiko onse, ndipo magulu ambiri amene amapikisana pamenepo ndi a m'mapiri aja ndi a m'midzi ya osauka ya kunja kwa mzinda.

Za kukhichini ndiye zindikondweretsa koposa. Cakudya ca tsiku ndi tsiku ndi mpunga ndi nyemba. Koma ku Minas Gerais amabvundula ufa wa cimanga m'madzi otentha mpaka ulimbe, nauchula angu, ndipo ndiwo zace zokondedwa ndi nkhuku yophikira pamodzi ndi therere lobala. Kodi imeneyo si nsima, anzanga? Ufa wa cimangawo achula fubá, therere achula quiabo, mwana wotsiriza kubadwa achula caçula, ndipo mau onsewa anacokera ku zinenero za ku Angola, zimene ndi zibale za cinenero cathu. Ku Salvador, mzinda umene unali likulu loyamba la dziko kuyambira 1549, amai obvala zoyera amagulitsa m'miseu acarajé, zitumbuwa za khobwe zokazinga m'mafuta ofiira a kanjedza, monga acitira ku Nigeria. Mu mzinda womwewo cipembedzo ca Candomblé cisungabe mizimu ya Ayoruba ndi maina ace, cinkana kwa zaka zambiri apolisi anali kulanda ng'oma zace.

Nanga mpira umene tiukondawo? Unafika ku São Paulo mu 1894 ndi Charles Miller, mnyamata amene anakaphunzira ku England, ndipo poyamba anali masewera a ana a olemera. Mu 1923 timu ya Vasco da Gama inapambana mpikisano wa ku Rio iri ndi osewera akuda ndi amphawi. Matimu akuluakulu anapanga bungwe latsopano, nauza Vasco kuti icotse osewera 12 ngati ifuna kulowamo. Vasco inakana, ndipo kalata yokanayo aisunga ndi ulemu mpaka lero. Mu 1950 Brazil anagonja kwa Uruguay ndi zigoli 2 kwa 1 pa bwalo la Maracanã, pamaso pa anthu ace. Osewera anali 11, koma mlandu waukulu unagwera goloboyi wakuda, Moacir Barbosa, amene anausenza mpaka imfa yace mu 2000. Patapita zaka 8 cigonjereni, mnyamata wina wa zaka 17, amene ali mwana anapukutapo nsapato za anthu kuti apeze ndalama, anathandiza kutenga cikho ku Sweden. Ameneyo ndiye Pelé, amene anamwalira mu December 2022. Ine ndimkonda monga inu nomwe. Koma ndiona kuti dziko limene limatsegulira mwana wosauka cipata ca bwalo la mpira, n'kumtsekera ca sukulu ya udokotala, silinamcitire cilungamo. Pa mwana mmodzi wofika pamene anafika Pelé, alipo zikwi amene anathyoka bondo ali ndi zaka 20, alibe ciphaso ca sukulu ciri conse.

Ife amene tilemba m'magazini ino tiyeneranso kudziwa maina awiri amene sali pa malaya a mpira. Machado de Assis, amene ambiri amuyesa mlembi woposa onse wa ku Brazil, anali mdzukulu wa akapolo omasulidwa, ndipo anakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la alembi a dzikolo mu 1897. Winayo ndi Carolina Maria de Jesus, mai wa ana atatu wa mu favela ya ku São Paulo, amene anaphunzira sukulu zaka ziwiri zokha ndipo anali kudya za kutola mapepala m'miseu. Makope akale amene anawapeza m'zinyalala ndiwo analembamo za njala yace tsiku ndi tsiku. Buku lace, Quarto de Despejo, linasindikizidwa mu 1960 ndipo linamasuliridwa m'zinenero zambiri. Amene timadandaula kuti tiribe nthawi yolembera nkhani ya magazini, tikumbuke mai ameneyu.

Sindikana kuti Brazil wa lero ndi wamphamvu. Palibe dziko lomposa pa khofi, nzimbe ndi soya, ndipo pa misika ya fodya ya kunja ndiye mmodzi wa opikisana ndi alimi athu. Cerrado uja, amene kale anamuyesa wosabala cifukwa ca dothi lowawasa, anamsandutsa nkhokwe mwa kuthira laimu ndi kupanga mbeu zoyenera dziko lotentha, nchito imene bungwe la boma la Embrapa linatsogolera kuyambira 1973. Pamenepo pali phunziro lalikulu kwa ife ophunzira za ulimi. Koma funsani kuti mindayo nja yani. Kalembera wa minda wa 2017 anaonetsa kuti munda umodzi mwa 100 uli wonse ndi wa mahekitala oposa 1,000, ndipo minda yocepa imeneyi yatenga pafupifupi theka la malo onse olimidwa. Wosauka akasowa malo amalowera ku Amazon, pambuyo pace nabwera wa ng'ombe ndi wa matabwa ndi wokumba golidi, kuocha nkhalango ndi kupitikitsa eni dziko, amene atsala 1.7 miliyoni okha. Chico Mendes, mtsogoleri wa anthu okama mphira m'mitengo, anaomberedwa pakhomo pace mu December 1988 cifukwa coletsa kugwetsa nkhalango. M'caka comweco malamulo atsopano a dziko analonjeza kuti zidzukulu za anthu a m'ma quilombo zidzapatsidwa mapepala a malo ao. Mu 2022 anawerenga anthu otere 1.3 miliyoni, ndipo okhala pa malo a mapepala sanakwane ndi mmodzi yemwe mwa 10.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene Brazil wacita zimene ine ndizibvomereza ndi mtima wonse. Mu 2012 anakhazikitsa lamulo lakuti theka la malo m'mayunivesite a boma lalikulu lisungidwire ana ocokera ku sukulu za boma, ndipo mwa malo amenewo ena akhale a akuda, osakanizika ndi eni dziko, molingana ndi kuculuka kwao m'cigawo ciri conse. Ndidziwa kuti mau akuti kota kwathu kuno amautsa mikangano ya zigawo, ndipo sindifuna kusakaniza nkhani ziwirizi, pakuti mbiri zace nzosiyana. Otsutsa ku Brazil amati mwana wa lero asalipire mlandu wa agogo ace, ndi kuti malo a sukulu ayenera kupita kwa wokhoza mayeso basi. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo sindiwaseka. Koma mpikisano wa liwiro umene wina anayamba kuthamanga mu 1850, mnzace ali womangidwa miyendo, sungakhale wolungama pongommasula zingwe ndi kuliza wezulo. Ngati boma linatha kupanga lamulo lotseka malo, litha kupanganso lotsegula sukulu.

Caciwiri ndico cindicititsa manyazi pang'ono m'malo mwa ife tonse. Kuyambira 2003 lamulo la ku Brazil likakamiza sukulu zonse kuphunzitsa mbiri ya Africa ndi ya anthu akuda a m'dzikomo. Sikuti sukulu zonse zimatsata bwino, koma lamulo liripo, ndipo mwana wa ku Salvador ayenera kumva za maufumu a kuno kwathu asanatsirize maphunziro ace. Nanga ife? Timadziwa njira ya akapolo yopita ku Nkhotakota, kuoloka nyanja ndi kukafika ku Kilwa ndi Zanzibar, ndipo ticita bwino kuidziwa. Koma njira yaciwiri ija, yotsika ndi Zambezi kupita ku Quelimane ndi kukathera ku Rio de Janeiro, ndi angati a ife angaijambule pa bolodi?

Cifukwa cace ndipempha aphunzitsi athu a mbiri yakale kuti pofika pa mutu wa malonda a akapolo atipatseko phunziro limodzi lokha la za Brazil, ndi mapu pakhoma. Ndipemphanso a bungwe la mtsutso kuti temu ikudzayi aike mutu wakuti, kodi lamulo la 13 May 1888 linamasula akapolo a ku Brazil kapena linamasula ambuye ao? Ine ndidzaima ku mbali yaciwiri, ndipo ndingakondwe ngati mmodzi wa akatswiri a mpira a mu Fomu 4 atadzaima ku mbali inayo.